Udzu wobiriwira wa pafoni ndi ng'ombe zoonda za mu Julayi

Ikafika Juni, mavidiyo a zaulimi amene amazungulira pa Facebook, TikTok ndi m'magulu a WhatsApp amapweteka mtima. Ng'ombe za mawanga akuda ndi oyera, mabere ofika m'maondo, zikudya msipu wobiriwira bwino kwinakwake ku Ireland kapena ku New Zealand. Ukachotsa maso pafoni n'kusuzumira pawindo la minibasi pamsewu wa ku Mchinji, kuyambira pa Mpingu, Msundwe mpaka Namitete, zomwe ukuona n'zina: udzu wofiirira, mapesi ali mbwee m'minda, ndi ng'ombe zomwe nthiti zake zayamba kale kuwerengeka. Funso limangobwera lokha. Ngati udzu wa kumaiko ozizira umapirira chipale chofewa kwa miyezi, ungagonje bwanji ndi kachisanu kathu ka masabata owerengeka? Bwanji osangoitanitsa mbewu yake basi?

Funsoli si lachibwana. Achinyamata ambiri a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe akulowa mu ulimi wa ng'ombe zamkaka, ena akudya ndalama za ngolo, kututa njerwa, mchenga ndi chimanga. Kwa iwo ng'ombe ikaonda mu Ogasiti ndiye kuti mkaka watsika, ngongole yaima, kapena ng'ombe zapangolo zikukanika phiri lomwe mu Epulo zimakwera zikuthamanga. Ndiye tiyeni tiliyankhe bwinobwino funsoli, kuyambira kumene kuli chisanu chenicheni.

Ku Finland, Norway, Iceland ndi mbali zambiri za Canada, udzu wodalirika wa ziweto ndi wotchedwa timothy. Udzu umenewu sulimbana ndi chisanu ndi masamba ake ayi. Masiku akayamba kufupika, kutentha n'kutsika kufika pakati pa madigiri 0 ndi 5, umasiya kukula n'kuyamba kukokera shuga pansi, patsinde pomwe pamakumana mizu ndi masamba. Shuga ameneyu amateteza tizigawo ta mkati mwa tsinde kuti tisaphulike madzi ake akaundana, komanso ndiye kamba wodzayambira moyo nyengo yofunda ikabwera. Tsinde la timothy lomwe lakonzekera motere limapirira kuzizira kofika madigiri 20 pansi pa ziro, nthawi zina kupyola apo. Chodabwitsa n'choti chipale chofewa chija, chomwe ife timachiopa tikachiona pakanema, kwa udzu ndi bulangete. Choopsa kwenikweni ndi pamene chipalecho chasungunuka kenako madzi ake n'kuumanso kukhala chimwala pamwamba pa munda. Udzu umasowa mpweya pansi pake n'kufa, ndipo ku Iceland ndi kumpoto kwa Norway alimi amataya minda yathunthu m'zaka zina chifukwa cha zimenezi.

Ryegrass, womwe ndi udzu umaoneka kwambiri m'mavidiyo aja, ndi wofooka pa chisanu poyerekeza ndi timothy. Umachita bwino ku Ireland, Britain ndi New Zealand chifukwa kumeneko sikuzizira mopyola, sikutentha mopyola, ndipo mvula imagwa pafupifupi chaka chonse.

Koma nachi chomwe mavidiyo sanena. Ngakhale timothy wopirirayo sadyetsa ng'ombe m'nyengo yozizira. Amangopulumuka, osati kukula. Ku Finland ndi Norway ng'ombe zimakhala m'khola miyezi yoposa 6 pachaka, zikudya udzu umene mlimi adadula n'kufutsa nthawi yofunda. Timitolo tozungulira tokulungidwa m'mapulasitiki oyera tomwe mumationa m'mbali mwa minda yawo ndi nkhokwe ya ng'ombe. Kupirira kwa udzu kumangomutsimikizira mlimi kuti chaka chamawa sadzabzalanso. Chakudya cha miyezi yovuta amachikonza ndi manja ake. Amasamalanso kuti asadule udzu kapena kuthira feteleza wambiri wa nayitirojeni chisanu chitayandikira, chifukwa udzu wotanganidwa ndi kuphuka masamba atsopano sukhala ndi mpata wosunga shuga.

Tibwerere kwathu. Nthambi yoona zanyengo imati nyengo yozizira kuno imayamba mu Meyi mpaka Ogasiti, usiku kuzizira kumatha kutsika kufika pakati pa madigiri 4 ndi 10, ndipo m'malo ena chisanu chowaula mbewu chimagwa mu Juni ndi Julayi. Kwa munthu wa ku Norway imeneyo ndi nyengo yabwino yoyenda ndi juzi yopepuka. Kwa udzu wathu ndi nkhani ina. Nsenjere, Rhodes, kapinga, tsekera ndi udzu wina wa m'maiko otentha umakula mwamphamvu kukatentha madigiri 30 kapena kuposerapo. Kukazizira kufika cha m'ma 15 umayamba ulesi, ndipo cha m'ma 10 umaima. N'chifukwa chake mlimi amene ali ndi nsenjere padambo ponyowa amadabwa mu Julayi: madzi alipo, manyowa adathira, koma nsenjere yangoti duu, osaphuka. Si matenda, si ufiti. Ndi usiku wozizira.

Pamwamba pa kuzizira pali chilala cha chaka ndi chaka. Chigwa cha Lilongwe chimalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 mpaka 900, koma yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Kotero udzu wathu umamenyedwa kawiri: Juni ndi Julayi kuzizira kumauimitsa, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala, pomwe kwafunda moti ukadakula, nthaka yauma gwa. Ukabzala ryegrass kumtunda ku Kabudula, chisanu sichimupha, zoona. Amupha ndi ludzu, chifukwa mizu yake ndi yaifupi, ndipo akapulumuka ludzulo dzuwa la mu Okutobala limamumaliza.

Pali chinthu china chomwe aliyense wolima dimba amachidziwa ngakhale sadachiwerenge m'buku. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye usiku wopanda mitambo ndi mphepo umatsetsereka kuchoka kumtunda n'kukadikha m'malo otsika. Dambo ndiye malo ozizira kwambiri m'mudzi. Ukawoloka dambo panjinga m'mamawa wa mu Julayi, zala zimachita dzanzi, ukakwera kumtunda pang'ono n'kumva kusintha. Tomato ndi nyemba zowauka ndi chisanu zimapezeka kumunsi kwenikweni kwa dimba. Tsono taonani tsoka lake: malo okhawo amene ali ndi chinyezi m'chilimwe, madambo othira mu mitsinje ya Namitete, Nambuma ndi Bua, ndi omwenso chisanu chimamenya kwambiri. Nsenjere ikamenyedwa ndi chisanu masamba amauma ngati awaulidwa ndi moto. Chitsa sichifa, chimaphukanso kukafunda, koma ng'ombe ya mkaka siyembekezera Seputembala.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mawu oti kupirira amatisokoneza. Udzu wathu ndi wopirira kwambiri. Tsekera amauma, amapsa ndi moto, amapondedwa, koma mvula yoyamba ikangogwa amadzuka. Kapinga nayenso ndi nkhakamira, funsani amene adayesa kumuchotsa m'munda. Vuto si kufa kwa udzu. Vuto ndi loti udzu wopulumukawo ulibe chakudya. Udzu ukakula n'kuchita maluwa, zomanga thupi zimachoka m'masamba kupita ku njere ndi ku mizu. Udzu wanthete wa mu Januwale umakhala ndi zomanga thupi zoposa magawo 10 pa 100 aliwonse, koma tsekera wouma wa mu Ogasiti amatsika pansi pa magawo 5, nthawi zina mpaka 3. Tizilombo tomwe timagaya udzu m'chifu cha ng'ombe timafuna magawo pafupifupi 7 kuti tigwire ntchito bwino. Zikachepera apo udzu umachedwa kugayika, ng'ombe imadya pang'ono, ndipo imaonda itaima pakati pa udzu wofika m'chiuno. Ng'ombe zathu za makolo zimapirira zimenezi, zimaonda n'kudzanenepanso dzinja. Ng'ombe za mkaka za mtundu wa Friesian kapena Jersey, zomwe anthu akuzigula modula, sizidalengedwe choncho. Mkaka umatsika msanga, ndipo yaikazi yoonda imachedwa kutenga bere, kutanthauza kuti njala ya mu Ogasiti umadzailipiranso chaka chamawa.

Abale athu amene ali ku Joni amachidziwa chisanu cha ku Johannesburg, komwe m'mawa udzu umayera mbuu ndipo madzi amauma m'mapaipi. Alimi a dera lokwera limenelo ali ndi vuto lofanana ndi lathu, kungoti lawo ndi lokulirapo: mvula ya nyengo yotentha, kenako miyezi yozizira ndi youma. Iwo amadula udzu wa Eragrostis n'kuumanga m'mitolo, kapena kusiya minda ina ya udzu osadyetsa kumapeto kwa mvula kuti ng'ombe zidzadye uli chiimire. Alimi a mkaka a ku KwaZulu-Natal ndi kugombe la kummwera kwa dzikolo amabzaladi ryegrass m'nyengo yozizira, kumufesa pamwamba pa udzu wa kikuyu umene umakhala utagona, koma ambiri amachita izi ndi mthirira ndi feteleza wochuluka, ndipo amagula mbewu kawirikawiri. Ndiye ryegrass mu Africa ndi wotheka. Funso ndi lakuti madziwo ndi ndalamazo uli nazo? Ndipo ngati uli ndi pampu ya sola padimba ku Nsaru, udzathirira udzu kapena chimanga chachiwisi, anyezi ndi tomato zomwe mavenda akubwera kudzagula pakhomo?

Zonsezi si zachilendo kwa akatswiri athu. Malo a kafukufuku a Chitedze, omwe ali pamsewu womwewu wa ku Mchinji usadafike pa Mpingu, adakhazikitsidwa mu 1948, ndipo kwa zaka zambiri adayesa mitundu ya udzu ndi nyemba za ziweto pa nthaka ndi nyengo yomweyi. Udzu wa Rhodes, nsenjere, ndi zomera za gulu la nyemba monga stylo ndi desmodium zidayesedwa kumeneko, ndipo Ben Dzowela ndi mmodzi mwa Amalawi amene adafufuza za msipu pamalopo m'zaka za m'ma 1980. Pomwe pulogalamu ya chitukuko cha malo ya Lilongwe Land Development Programme idayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, imodzi mwa ntchito zake idali yolimbikitsa kunenepetsa ng'ombe m'khola. Mlimi ankalandira ng'ombe, zina zochokera ku famu ya Dzalanyama, n'kumazidyetsa mapesi, zotsalira za mtedza ndi madeya mpaka zitanenepa. Agogo ambiri a m'madera ano adachita nawo ulimi umenewu. Mfundo yake idali yomweyi ya alimi a ku Finland: chakudya cha miyezi yovuta chimatutidwa ndi kusungidwa, ng'ombe sizikachisaka zokha.

Nanga n'chifukwa chiyani nzeru yakale chonchi sikuoneka m'makola ambiri? Ena amathamangira kunena kuti ndi ulesi. Ine sindigwirizana nazo. Nthawi yabwino yodula udzu wa Rhodes ndi pomwe wangoyamba kutulutsa maluwa, ndipo nthawi imeneyi imagwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo. Pitani ku Kabudula kapena ku Nsaru mwezi wa Malichi mukaone ngati pali munthu amene ali ndi manja opanda ntchito. Fodya akuthyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa, chigafa chadzaza, soya akucha, mtedza ukudikira, ndipo m'nyumba zambiri ufa ndi wopereweza. Udzu wodula umafuna masiku awiri kapena atatu a dzuwa, kuutembenuza, kenako denga losadontha. Mvula ikaupeza pansi umachita nkhungu. Munthu amasankha chomwe chimubweretsere ndalama msanga, ndipo udzu umatsalira. Pofika Meyi, pomwe mpata wapezeka, udzu wakalamba kale, wasanduka wofolerera nyumba.

Komabe pali mipata. Kudula komaliza kwa kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, mvula ikamatsanzika, kumapereka udzu wabwinoko kuposa kusadula n'komwe. Bokosi lamatabwa lopanda pansi, zingwe ziwiri ndi mapazi opondera ndi zokwanira kumanga mitolo yosavuta kusunga. Nsenjere, yomwe siuma bwino chifukwa cha mapesi ake onenepa, imafutsika m'dzenje: kuiduladula tizidutswa, kuiponda mpaka mpweya utatuluka, kuiphimba ndi pulasitiki ndi dothi, n'kudzatsekula patapita mwezi ndi theka kapena kuposerapo. Apa dzuwa silofunika kwenikweni, chofunika ndi anthu oponda, ndipo anyamata a timu ya mpira ya m'mudzi angathe ntchitoyi masana amodzi.

Chuma china chomwe dera lino lili nacho chambiri ndi zotsalira za mtedza. Masamba ndi mitengo ya mtedza ikauma bwino imakhala ndi zomanga thupi zoposa magawo 10 pa 100, kuposa mapesi kawiri kapena katatu. Ukathothola CG7 wako n'kusiya zotsalirazo padzuwa mwezi wathunthu, masamba, omwe ndiwo ali ndi chakudya, amayoyoka, chiswe n'kumaliza. Zikatutidwa msanga n'kuikidwa pathandala pansi pa denga, pang'ono pokha patsiku pamathandiza ng'ombe kugaya mapesi omwe ikadangowanunkhiza. Zachuku zokha ndiye ayi, makamaka kwa ng'ombe yokamidwa, chifukwa poizoni wa chuku amadutsa mpaka mumkaka.

Mapesi nawo ali ndi eni ake ambiri masiku ano. Alangizi a ulimi wa mtayakhasu akuti tiphimbire nawo nthaka. Wa fodya akuwafuna kuti akatenthere pa nazale mu Ogasiti ndi Seputembala. Amayi akuwafuna pamoto chifukwa nkhuni zidatha. Anyamata osaka mbewa amangoyatsa munda wonse, ndipo moto ukalusa umapita ndi dambo lomwe. Pa nkhani ya moto pali chinyengo chomwe ndiyenera kuchitchula: palupsa pamaphuka msipu wanthete umene ng'ombe zimaukonda, ndiye ena amayatsa dala. Koma msipu umenewo umachokera m'nkhokwe ya pansi ija, shuga amene chitsa chidasunga kuti chidzadzukire mvula. Ng'ombe zikaumwetula mobwerezabwereza, chitsa chimafooka, ndipo chaka ndi chaka udzu wabwino umachepa, m'malo mwake mumamera zitsamba ndi udzu wosadyeka. Ndi lamulo lomwelija la mlimi wa ku Norway loti usavutitse udzu pomwe ukusunga mphamvu, kungoti iye amaopa chipale, ife tikuopa Okutobala.

Chenjezo limodzi kwa olima mapira: mphukira zanthete zomwe zatuluka pambuyo podula, kapena zomwe zamenyedwa ndi chisanu kapena ng'amba, zimatha kukhala ndi poizoni wopha ng'ombe m'maola ochepa. Musazitayirire m'munda wotere.

Ndiye pali nkhani ya dambo lenilenilo, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa mtundu wa udzu. Kale dambo lidali la ng'ombe za mudzi wonse m'chilimwe. Lero madimba afika mpaka pakati, ndipo palibe angawadzudzule eni ake, chifukwa chimanga chachiwisi ndi masamba ndizo zikulipira fizi. Koma ng'ombe sizidachepetse mimba. Zotsatira zake mafumu akuzidziwa: milandu ya ng'ombe zothyola mpanda wa dimba, chindapusa, udani wa pachibale, ndi ana ang'onoang'ono amene amadzuka mdima ulipo kukadyetsa kutali m'malo mokhala m'kalasi. Mnyamata amene akulota zogula ng'ombe ya mkaka kuti azikapereka mkaka ku gulu la alimi, monga magulu amene ali pansi pa bungwe la CREMPA m'chigawo chapakati, aiwale zodalira dambo la mudzi. Ng'ombe yotere imadya udzu wauwisi wolemera makilogalamu 40 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Chulukitsani ndi masiku a kuyambira Juni mpaka Novembala, muone ngati kamzere kamodzi ka nsenjere kuseri kwa khola kangakwane.

Kwa amene ali ndi malo obzala, kusankha malo kumathandiza kuposa kusaka mbewu yachilendo. Nsenjere ya m'mphepete mwa dambo, pokwererapo pang'ono, imapeza chinyezi koma imazemba chisanu cha pansi penipeni. Podula siyani chitsa cha masentimita 10 mpaka 15, ndipo musamete munda wonse mpaka pansi kumayambiriro kwa Juni, chifukwa mphukira zanthete ndi zomwe chisanu chimayamba kuwaula. Rhodes amapirira ng'amba ndi kachisanu kopepuka, ndipo amauma msanga akadulidwa, n'chifukwa chake amayenera kumtunda. Udzu wa Brachiaria, monga Mulato II amene adapangidwa ndi bungwe la CIAT ku Colombia, ukutamandidwa kwambiri pa intaneti, ndipo n'zoona kuti umakhala wobiriwira nthawi yotalikirapo mvula ikasiya. Koma nawonso ndi udzu wa kotentha. Usiku wa mu Julayi umauimitsa ngati anzake, ndiye wokugulitsani mbewu akakuuzani kuti umakula chaka chonse, mufunseni kuti adauyesa kuti, mwezi wanji.

Chomera chomwe chimachita zosiyana ndi zonsezi si udzu ayi, ndi mtengo wa msangu. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, n'kubiriwira m'chilimwe pomwe china chilichonse chauma, ndipo nyemba zake zokhotakhota zimagwa chakumapeto kwa chilimwe, nthawi yomwe ng'ombe ndi mbuzi zili pa njala yeniyeni. Umachedwa kukula, zaka zingapo zimadutsa usadayambe kubereka, ndiye ndi wa munthu amene malowo ndi akedi. Lukina ndi gliricidia zimafulumira, masamba ake ali ndi zomanga thupi zoposa magawo 20 pa 100, ndipo amatha kuumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa m'matumba ngati mfutso wa ndiwo. Lukina sagwirizana ndi chisanu, ndiye malo ake ndi pafupi ndi khola kapena m'malire a munda wa kumtunda, osati m'dambo, ndipo ng'ombe imupeze wosakaniza ndi udzu, asakhale chakudya chokhacho. Zonsezi, pamodzi ndi nsenjere ndi Rhodes, zimabzalidwa mu Disembala ndi Januwale nthaka itanyowa bwino, miyezi yomwe dambo lili lobiriwira ndipo palibe amene akuganiza za Julayi.